Kalata yotseguka kwa akuluakulu a boma la Mangochi: makompyuta a m'sukulu ndi m'maofesi athu tichite nawo chiyani?

Olemekezeka Bwanamkubwa, makhansala athu, akuluakulu a zamaphunziro, aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu,

Landirani moni. Ine ndine mwana wanu wa pa Boma pompano. Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ndi kutayipira anthu makalata m'kachipinda kamodzi momwe muli makina a fotokope, pulinta ndi makompyuta atatu. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuitanidwa m'masukulu, m'timaofesi ta mabungwe ndi m'zipatala zing'onozing'ono, kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Namwera, kuti ndikadzutse makina omwe akomoka. Zomwe ndikulembazi ndaziona ndi maso angawa, ndipo ndazisunga mumtima mpaka zandilemera.

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, pulogalamu yaikulu yomwe imayendetsa makompyuta ambiri omwe ndimawagwira m'boma muno. Tsiku lomwelo inasiyanso Office 2016 ndi Office 2019, momwe muli Word ndi Excel zomwe alembi athu amakhalira tsiku lonse. Anthu ambiri sanamve n'komwe, poti palibe chomwe chinaoneka. M'mawa mwake makompyuta anayaka monga mwa masiku onse, makalata anatayipidwa, mapepala anatuluka. Chomwe chasintha chili kosaoneka. Mwezi ndi mwezi Microsoft inkatumiza zigamba zotseka ziboo zomwe mbava za pa intaneti zapeza, ndipo zigamba zaulere zija tsopano zatha. Zili ngati denga la udzu lomwe mwini wake waleka kufolera: m'chilimwe umagona tulo tabwino n'kumati nyumba ili bwino, koma mvula yoyamba ya mu Novembala ndiyo imadzakuuza zoona. M'maofesi ena ndimapezamo ngakhale Windows 7, yomwe inasiyidwa pa 14 Januwale 2020. Denga limenelo ndiye linavunda kalekale.

Wina afunsa kuti mbava za pa intaneti zingafunenji kwa ife kuno kunyanja. Vayirasi siyang'ana nkhope, imangolowa paliponse pomwe yapeza potsegula. Mu Meyi 2017 vayirasi yotchedwa WannaCry inafika m'mayiko oposa 150 m'masiku ochepa chabe. Inkamanga mafayilo onse n'kulamula ndalama kuti iwamasule, moti ku England zipatala za boma zinkabweza odwala chifukwa makompyuta anali atagwidwa. Chigamba chotseka pomwe inalowerapo chinali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho, ndipo ogwidwawo anali omwe sanachiike. Kwathu konkuno, mu Febuluwale 2024, ntchito yosindikiza mapasipoti inali itaima, ndipo mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makinawo alowedwa ndi mbava zofuna dipo. Ife a ku Mangochi, amene ana athu ambiri amapita ku Joni, tikudziwa mmene masabata amenewo anawawira.

Yankho la Microsoft ndi lakuti tisamukire ku Windows 11, yomwe inatuluka mu Okutobala 2021. Koma Windows 11 imasankha makina. Imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo pa mapurosesa (bongo wa kompyuta) a Intel imavomera kuyambira a m'badwo wachisanu ndi chitatu, omwe anayamba kutuluka mu 2017. Makompyuta athu ambiri ndi a kaunjika. Anagwira kale ntchito m'maofesi a ku Ulaya kapena ku South Africa asanatipeze, ena kudzera mwa mabungwe otithandiza, ena m'zikwama za abale ochokera ku Joni. Ndi makina olimba, ma Dell ndi ma HP omwe angatumikire zaka zina zambiri, koma pachipata cha Windows 11 amabwezedwa. Anzanga ena a ntchitoyi amaphunzitsana njira zoilowetsera mokakamiza. Imalowadi, koma Microsoft inanena poyera kuti makina olowera pawindo otere siwalonjeza zigamba.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona pa sekondale ina yoyendera kutsidya kwa Shire. Dzina lake ndisunga, chifukwa zomwe zinachitika pamenepo zikuchitika paliponse. Anandiimbira Lachinayi, kutatsala masiku ochepa kuti atsekere teremu. Nditatsika pa kabaza ndinapeza mayi olemba mu ofesi atakhala duu, flashi ili m'manja, maso ali pasikirini. Atandiona anangoti, "Achimwene, malikisi onse a Fomu 1 mpaka Fomu 3 anali muno. Ndatsegula m'mawa uno, ndangopeza timafoda tokhala ndi timivi. Ndikadina, palibe chikutuluka." Anali atatayipa malikisiwo kwa masabata awiri, nthawi zina mpaka mdima, kudikira magetsi akayaka. Inali vayirasi yodziwika ija yomwe imabisa mafoda enieni n'kusiya zithunzithunzi zake. Mwamwayi imangobisa, sifafaniza, ndiye tinawapeza onse, mayiwo n'kuusa moyo ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. Nditafunsa komwe flashiyo inayenda, anandiwerengera: ku ofesi ya zoni, pa laputopu ya aphunzitsi a masamu, kopulintitsa pa msika, ndiponso mwana wawo anaibwereka kukakopetsa nyimbo. Kulikonseko inasiya matenda kapena kutengako. Pakona ya sikirini yawo panali timawu totuwa tija ta Activate Windows, tosonyeza kuti Windows yake ilibe layisensi yotsimikizika, ndipo pulogalamu yoteteza ku mavayirasi inali itatha mphamvu zaka zapitazo. Kenako anandilowetsa m'chipinda cha makompyuta a ana. Munali makina khumi ndi awiri ofunditsidwa zitenje poopa fumbi. Oyaka anali asanu.

Timawu totuwato tiyeni tikambirane mosabisa. Windows ndi Office zomwe zili m'makompyuta ambiri kuno n'zobedwa, ndipo oziikawo ndife okonza makompyuta, ine ndemwe ndili m'gulumo. Mphunzitsi wamkulu amati, "Ingoikani yomwe igwire, ndalama ya layisensi tilibe," ndipo iwe umaika, poti ukakana aitana wina. Chomwe sitiwauza n'chakuti kuti kapulogalamu kothyolera loko kaja kalowe, timayamba tazimitsa chitetezo cha kompyuta. Timatsekula tokha chitseko n'kulowetsa mlendo yemwe sitikudziwa wamutuma ndani. Mtima wanga sunakhalepo m'malo pa zimenezi. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 loteteza eni ntchito zaluso kuti zisamakopedwe mwachisawawa, ndipo mu 2024 munabweranso lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, lomwe likuyang'aniridwa ndi MACRA. M'makina amenewa timasungamo mayina a ana, malikisi awo, manambala a ziphaso za unzika, mndandanda wa olandira Mtukula Pakhomo. Tsiku lomwe zimenezi zidzatuluke kapena kutayika, wofunsidwa adzakhala mayi wolemba uja, pomwe iye sanasankhe chilichonse.

Kugula makina atsopano ndi malayisensi enieni n'kwabwino kwa amene thumba lake likulola. Koma zonsezi mtengo wake umayendera dola. Kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika cha m'ma K1,700, ndipo nonse mukudziwa kuti ngakhale pa mtengo umenewo dolayo kuipeza ku banki ndi nkhani ina. Office yamakono, Microsoft 365, ndi yochita lendi: umalipira chaka ndi chaka, ukaleka imakana kulemba, ndipo imafuna kulumikizidwa pa intaneti kamodzi pa masiku 30 kuti itsimikize kuti walipira. Taganizirani sukulu ya ku Makanjira kapena ku Katuli, komwe mphunzitsi amakwera pachulu kuti uthenga wa WhatsApp upite. Microsoft inatsegulanso njira yogula zigamba za Windows 10 kwa zaka zitatu: mabungwe amalipira madola 61 pa kompyuta imodzi chaka choyamba, mtengo n'kumawirikiza kawiri chaka chilichonse, pomwe masukulu anawaikira dola imodzi, kenako 2, kenako 4. Mtengo wa masukuluwo ndi wabwino ndithu, koma ndi wa okhawo omwe Windows yawo ndi yovomerezeka, ndipo pofika 2028 nawonso udzatha.

Pali njira ina yomwe sindinamvepo ikukambidwa pa msonkhano uliwonse wa sukulu, ndiyo Linux ndi LibreOffice. Linux ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta yomwe imalowa m'malo mwa Windows. Anaiyamba mu 1991 ndi Linus Torvalds, yemwe panthawiyo anali wophunzira wa pa yunivesite ku Finland, ndipo layisensi yake imalola aliyense kuikopa, kuigawa ndi kuisintha popanda kulipira. Musaione ngati chinthu chachilendo. Foni iliyonse ya Android, kaya ndi Tecno, itel kapena Samsung, mkati mwake muli Linux, ndiye asodzi a ku Makawa ndi amayi ogulitsa usipa pa msika akuigwiritsa kale ntchito osadziwa. Mtundu wake wina wotchuka, Ubuntu, unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi mawu omwe ife timati umunthu. Womwe ine ndimaika kwambiri ndi Linux Mint, chifukwa maonekedwe ake sasiyana kwenikweni ndi Windows: podina kuti upeze mapulogalamu pali pansi kumanzere pomwe dzanja linazolowera. Mint 22, yomwe inatuluka mu 2024, idzalandira zigamba mpaka 2029, ndipo imayenda ngakhale pa makina a memore (RAM) ya 2 GB, ngakhale kuti pa 4 GB ndi pomwe imapuma bwino. LibreOffice ndiyo imalowa m'malo mwa Office. Imasamalidwa ndi bungwe la The Document Foundation la ku Germany, lomwe linayamba mu 2010. Muli Writer yolembera makalata, Calc ya matebulo ndi masamu, ndi Impress yoonetsera pa khoma. Imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word ndi Excel, ndipo imalowanso pa Windows.

Pa holide ndinabwerera ku sukulu ija, aphunzitsi aakulu atandilola. Ndinatenga flashi imodzi yokhala ndi Mint. Ubwino wake ndi wakuti ukhoza kuyatsa kompyuta kuchokera pa flashi pomwepo, n'kuyesa zonse, osakhudza kanthu kalikonse kam'kati. Mwa makina asanu ndi awiri ogona aja, anayi anadzuka. Vuto lawo linali Windows yowonongeka basi. Atatu enawo anali atapsa mbali ya magetsi chifukwa cha kuthimathima ndi kubwera mwamphamvu kwa moto, ndipo amenewo palibe pulogalamu ingawadzutse. Ndinatenga flashi yodwala ija n'kuilowetsa. Tinaona timafayilo ta vayirasi tili poyera, topanda mphamvu, chifukwa tinapangidwira Windows, ndipo mayi aja anatifafaniza okha ndi dzanja lawo.

Kenako ndinawapempha kuti akhale pampando atayipe kalata. Funso lawo loyamba linali lakuti, "Nanga Word ili kuti?" Ndinawaonetsa Writer. Zala zawo zinayamba kuthamanga monga kale, poti Ctrl ndi S imasunga, Ctrl ndi B imanenepetsa zilembo, chimodzimodzi. Anamwetulira. Koma atatsegula fomu ya malipoti a ana, yomwe inapangidwa pa Word zaka zapitazo, nkhope inagwa. Tebulo linali litatsetsereka, mzere wosainapo aphunzitsi aakulu utathawira patsamba lachiwiri. "Achimwene," anatero, "izi mundichititsa nazo manyazi kwa abwana ndi kwa makolo." Ankanena zoona. Lipoti la mwana ndi nkhope ya sukulu. Tinafufuza mpaka tinapeza gwero: fomuyo inalembedwa ndi zilembo za Calibri, zomwe ndi za Microsoft ndipo pa Linux palibe, ndiye kompyuta inangosankha zina zonenepa. Pali zilembo zaulere zotchedwa Carlito zomwe zinapangidwa dala kuti zifanane m'lifupi ndi Calibri. Titaziika, tebulo linabwerera pamalo pake, kupatula bokosi limodzi la chidindo lomwe tinalikonza pamanja. Zinatitengera masana onse. Ndikanangoika Mint n'kukwera kabaza kubwerera ku Boma, mayiwo akanaitana munthu wina Lolemba kuti awabwezerere Windows yobedwa, ndipo sindikanawaimba mlandu.

N'chifukwa chake sindikufuna kukugulitsani chikomekome cha mkuyu. Nyerere zilimo, ndipo ndi bwino muzimve kwa ine. Mapulinta ambiri, makamaka a HP, amangogwira ukalumikiza, koma ndinalimbanapo ndi makina ena ophatikiza pulinta ndi sikana kwa masiku awiri, mbali ya sikana osatheka. Mapulogalamu ambiri owerengetsera ndalama ndi malipiro anapangidwira Windows yokha. Mafayilo a Excel okhala ndi timalamulo tobisika totchedwa macro, omwe maofesi a ku Lilongwe ndi mabungwe amakonda kutumiza kuti tidzaze, nthawi zina amasokonekera pa Calc. Nkhokwe za mayina ndi ziwerengero zopangidwa pa pulogalamu ya Microsoft Access sizisamuka mophweka. CorelDRAW ndi Photoshop, zomwe anzanga amapangira makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro, pa Linux sizilowa. Publisher, yopangira makadi ndi timabuku, nayo kulibe, ngakhale kuti imeneyo eni ake a Microsoft analengeza okha kuti aisiya mu Okutobala 2026. Kukopa Mint pa intaneti kumadya pafupifupi 3 GB, yomwe ndi bandulo yolemera kwa sukulu ya kumudzi, koma ukaikopa kamodzi flashi yomweyo imazungulira boma lonse mwalamulo. Linux si chithumwa. Nayo imafuna zigamba, nayo imafuna pasiwedi yolimba, ndipo siingateteze munthu wopereka yekha nambala yachinsinsi kwa womuimbira foni monamizira. Vuto loposa onse ndi la anthu: okonza makompyuta odziwa Linux m'boma muno ndi owerengeka, ndipo ambiri tili pa Boma. Makina akavuta ku Chilipa kapena ku Nankumba, athamangira kwa ndani?

Anzathu akunja anadutsamo kale m'njirayi, ena n'kupunthwa. Mzinda wa Munich ku Germany unagamula mu 2003 kuti usamukire ku Linux. Ntchitoyo inatenga zaka khumi, ndipo pofika 2013 makompyuta pafupifupi 15,000 anali atasamuka. Mu 2017 khonsolo ya mzindawo inavota kuti abwerere ku Windows. Ogwira ntchito ena ankadandaula za mafayilo osagwirizana ndi a maofesi ena, ndipo utsogoleri wa mzinda unali utasinthanso. Uwu ndi mzinda wolemera, wokhala ndi akatswiri ake, koma unagwedezeka. Komabe nkhani siinathere pomwepo. Mu 2024 boma la chigawo cha Schleswig-Holstein, ku Germany komweko, linalengeza kuti lisamutsa makompyuta 30,000, ndipo linayamba ndi LibreOffice, Linux n'kudzabwera pambuyo. Ku Kerala, m'dziko la India, masukulu a boma akhala akuphunzitsa ana pa Linux kwa zaka zoposa khumi, aphunzitsi ataphunzitsidwa kaye. Ine ndikaona zitatuzi, mtima wanga umatsamira ku Kerala, chifukwa mavuto awo a ndalama ndi ofananako ndi athu, ndipo anayambira kwa mphunzitsi.

Maganizo anga, mabwana ndi madona, ndi akuti makompyuta akale a m'zipinda zophunzirira asamukire ku Linux, alembi azolowere LibreOffice pang'onopang'ono, ndipo ndalama zochepa zomwe zilipo zipite pomwe Windows singachoke. Koma musanagamule chilichonse, tumizani anthu akawerenge. Pafunika kope limodzi lolembedwa bwino: kompyuta iyi ili pa sukulu yakuti, purosesa yake ndi yakuti, ili ndi layisensi kapena ayi, imagwira ntchito yanji, yalumikizidwa ku pulinta yanji. Achinyamata omwe anaphunzira za makompyuta ndipo akungokhala m'makwalala a Mpondasi ndi Soko angaigwire ntchitoyi mutawapatsa ya thiransipoti ndi ya nkhomaliro. Pa ulendo womwewo akope mafayilo onse ofunika n'kuwasunga pa diski yapadera yotsekeredwa mu kabati ya aphunzitsi aakulu. Chimenechi chokha, ngakhale mutakana zina zonse zomwe ndalemba, chipulumutsa misozi yambiri.

Mukatero musathamangire kuchotsa Windows pa desiki ya mlembi. Muikireni LibreOffice pambali pa Word yomwe anazolowera, ayese kwa teremu imodzi kapena awiri, aone yekha mafomu omwe akutsetsereka, akonzedwe mmodzimmodzi. Maofesi anu a pa Boma ndi omwe angapeputse kapena kulemetsa ntchitoyi, chifukwa mafomu ambiri amachokera kwa inu. Kalata yongowerenga izitumizidwa ngati PDF, yomwe imaoneka chimodzimodzi pa makina alionse ngakhale pa foni. Fomu yodzaza iziyesedwa pa Word ndi pa Writer isanatumizidwe. Ntchito zambiri za boma zikusamukira kale pa intaneti: azaumoyo amalowetsa ziwerengero mu DHIS2, yomwe nayonso ndi pulogalamu yaulere yochokera ku yunivesite ya Oslo, ndipo amalonda amalipira misonkho pa Msonkho Online. Zoterezi zimatsegulidwa pa Firefox kapena Chrome, sizifunsa kuti pansi pali Windows kapena Linux. Ofesi ya ndalama ndi ya malipiro muisiye pa Windows, koma ikhale Windows 11 yogulidwa mwalamulo, pa makina oyenera, ndipo flashi za wina aliyense zisamalowemo. Kompyuta yakale yomwe singasamuke chifukwa cha pulogalamu imodzi yofunika, ichotsedwe pa intaneti.

Zoyesera zisachitikire pa Boma pokha, pomwe magetsi ndi netiweki zilipo ndipo wokonza ali pafupi. Sankhani sukulu ina ya m'mphepete mwa nyanja, ina ya kumapiri cha ku Namwera, ina yodalira sola. Zikatheka kumeneko ndiye kuti zitheka kwina konse. Ndipo mabungwe akabwera ndi mphatso ya makompyuta, tiziwathokoza ndi manja awiri monga mwa chikhalidwe chathu, koma tizifunsanso mwaulemu kuti layisensi yake ili kuti, ndipo akavuta akonza ndani. Makina ofunditsidwa zitenje aja anabwera ndi nyimbo ndi kuwomba m'manja, koma funso limeneli palibe analifunsa.

Pa nkhani ya ana ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndi yomwe aphunzitsi amaopa kwambiri. Amati mwana akaphunzira pa Writer ndi Calc adzalephera mayeso a MSCE a Computer Studies, ndipo akamadzafuna ntchito adzamufunsa za Microsoft Office. Mantha amenewa ndi omveka, ndipo ine sindingawathetse. Angawathetse ndi inu, polembera a MANEB ndi a Unduna wa Zamaphunziro kuti anene momveka, pa pepala, mapulogalamu omwe mwana angagwiritse ntchito pa mayeso ochita ndi manja. Yankho lisanabwere, ana a Fomu 4 musawasinthire kanthu pakati pa chaka, ndipo pa sukulu iliyonse pakhale makina angapo a Windows ndi Office zovomerezeka. Koma zomwe ndaona kwa ana obwera kudzaphunzira m'kachipinda kanga n'zakuti yemwe wamvetsa chifukwa chomwe timalembera =SUM kuti tiphatikize manambala, amachita zimenezo pa Excel ndi pa Calc mosavutika. Yemwe anangoloweza kuti batani lakuti lili pakona yakuti amasochera ngakhale Word yomweyo ikangosintha maonekedwe. Ndipo mwana amene wakhala pa kompyuta yoyaka kawiri pa sabata aposa kutali mnzake amene amangoona kiyibodi yojambulidwa pa bolodi chifukwa makina a sukulu yake anafa.

Alembi, makalaliki ndi aphunzitsi a makompyuta muwaitane pokambirana. Nthawi zambiri zinthu zimagamulidwa ndi anthu omwe satayipa okha makalata awo, ndipo wotayipayo amangopeza Lolemba m'mawa kuti zonse zasintha. Iyeyo ndiye akudziwa fomu yomwe imavuta, pulinta yomwe imadya mapepala, ndi tsiku lomwe malipoti amafunika. Maphunziro ake asakhale a tsiku limodzi ku hotela ya kunyanja. Akhale pa desiki yake, ndi mafayilo ake enieni, ndipo akhale ndi nambala ya munthu yemwe angamuimbire zikavuta. Ifenso okonza makompyuta tikufunika kuphunzitsidwa, ndipo mukatisonkhanitsa tibwera, chifukwa tatopa ndi kufafaniza zonse n'kuikanso Windows pa makina omwewo teremu ndi teremu.

Mayi aja pano akugwiritsa ntchito makompyuta awiri. Ya Mint ndi yomwe amalandirirapo flashi za anthu ndi kutayipirapo makalata a tsiku ndi tsiku. Ya Windows 10 tinaichotsa pa intaneti, amangotsegulirapo fayilo imodzi ya Excel yomwe imakana pa Calc. Sabata yatha anandiimbira. Aphunzitsi aakulu apeza kandalama kuchokera ku komiti ya makolo, ndipo akufuna kudziwa ngati agule kompyuta imodzi yatsopano kapena akonzetse zitatu zakupsa zija n'kuikamo Linux. Ndinawauza maganizo anga, koma iwo anati, "Tamva achimwene, koma nanga akuluakulu ku Boma akuti chiyani? Tikasintha ife tokha, mawa atitumizira fomu yosatseguka, tidzatani?" Ndinalibe chowayankha. Ndikupempha kuti nkhaniyi muyiike pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wa khonsolo ukubwerawu, teremu ina isanayambe. Mukandiitana ndibwera ndi flashi yanga ndi kompyuta imodzi yakale, muyese nokha ndi manja anu.

Ine wanu,
Wokonza makompyuta,
Pa Boma, Mangochi